Chilimba Kapena Ngongole Yaing'ono ya ku Banki: Kukonzanso Dzina Mutagwa pa Chuma

Munthu amene malonda ake agwa, kapena amene chilala cha 2024 chinamuwonongera munda ali ndi ngongole ya feteleza, amatsala ndi dzina loipa kwa obwereketsa ndalama. Kuno ku Chipata njira ziwiri zokonzera dzinalo ndizo zimatchulidwa kawirikawiri.

Chilimba, gulu la anthu osonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana, chimam'bwezera munthuyo ulemu pakati pa anzake a pamsika wa Kapata, chifukwa wosonkha gawo lake osadumphitsa mwezi amadziwika msanga kuti ndi wokhulupirika. Komabe mbiri imeneyi imathera m'gulu momwemo, ndipo banki siiona.

Ngongole yaing'ono yochokera ku banki kapena ku bungwe lololedwa ndi Bank of Zambia ndi yodula chifukwa cha chiwongoladzanja, koma mmene mukubwezera zimalembedwa ku Credit Reference Bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, komwe kunalembedwanso kulephera kwakale, ndipo obwereketsa amayang'ana kumeneko asanavomere pempho. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyamba ndi chilimba kuti mupeze zolipirira ngongole yakale mutagwirizana ndi okukongozani, kenako n'kutenga ngongole yochepa imene mungabweze ngakhale mwezi utavuta. Kaloba, ngongole yotenga kwa munthu wamba wokongoza ndalama, sindikumuwerengera n'komwe, pakuti chiwongoladzanja chake chimameza mpamba wonse ndipo kubweza kwanu sikulembedwa kulikonse.