Xylazine: mankhwala ofatsitsa ziweto ofuna dzanja losamala

Mwa mankhwala onse amene ndagwiritsapo ntchito pofatsitsa ng'ombe tisanaidule nyanga, kuithena kapena kuisoka bala, xylazine ndi amene ndimawadalira kwambiri, ngakhale kuti ndimawaopanso. Anapangidwa ndi kampani ya Bayer mu 1962, ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Rompun.

Mankhwalawa amagwira ntchito mu ubongo ndi m'mitsempha, kumene amachepetsa noradrenaline, chinthu chimene chimachititsa thupi kukhala tcheru. Ng'ombe ikabayidwa mumnofu, pasanathe mphindi 15 mutu umatsika, zikope zimalemera, dovu limayamba kuchucha, ndipo mlingo ukakhala wokulirapo imagona pansi yokha. Chimene chimandisangalatsa ndi kuchepa kwa mlingowo: ng'ombe imafuna mamiligalamu 0.05 mpaka 0.3 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, ndipo poyerekeza ndi hatchi imangofuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Wobaya ng'ombe ndi mlingo wa hatchi angathe kuipha.

Chofooka chachikulu cha xylazine n'chobisika. Nyama imakhala yofooka kwa ola limodzi kapena awiri, koma mphamvu yoletsa ululu imatha pakangopita mphindi 15 mpaka 30, kotero kuti ng'ombe imene ikuoneka ngati ili m'tulo tofa nato ingakhale ikumva mpeni bwinobwino, kungoti ilibe mphamvu yolimbana nanu. N'chifukwa chake ine sindicheka popanda kubaya lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, pamalopo, ndipo sindiima kumbuyo kwa hatchi yobayidwa, pakuti imatha kumenya theche mwadzidzidzi mutu uli chizolikire.

Nyama ikabayidwa xylazine, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo chifu chimaleka kutakasa chakudya, motero mpweya umadzaza m'mimba. Ng'ombe iyenera kugona chokhalira pachifuwa, osati chammbali. Ya bere la m'mwezi wotsiriza ingabereke nthawi isanakwane, nkhosa zimavutika kupuma, ndipo amphaka ambiri amasanza. Nyama imene yathamangitsidwa kale mpaka kulusa siifatsa bwino, ndipo kuwonjezera mlingo pamenepo n'kuputa ngozi. Ndi bwino kuisiya kaye pamalo abata.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti mphamvu ya xylazine ingathe kuchotsedwa ndi mankhwala ena monga atipamezole, tolazoline kapena yohimbine. Kwa dokotala wa ziweto amene amayeza kulemera kwa nyama asanatenge jakisoni, ndi mankhwala abwino zedi, koma sindingalangize mlimi kubaya yekha, makamaka popeza munthu akadzilasa nawo mwangozi amafunika kuthamangira naye kuchipatala.