Hita ya mafuta ya 1500W: ndaigwiritsa ntchito miyezi iwiri ku Rosettenville

Ndinakulira ku Dedza, ndiye ndinkadziyesa wodziwa kuzizira. Chisanu cha ku Joni chinandichotsa matama. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu June ndi July usiku kumatha kufika madigiri 2 kapena 3, kukacha udzu uli mbuu. Ine, mayi a kunyumba ndi mwana wa chaka chimodzi timachita lendi ku Rosettenville, dera la mu Joni momwemu, chipinda chakuseri kwa nyumba ya eni, pansi pali matailosi. Mbaula ndinaikana kale, utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo.

Hita ya mafuta iyi, yomwe ndi yamagetsi ndipo mafutawo amangokhala otsekeredwa m'kati mwa chitsulo, ndi yanga yachiwiri. Yoyamba inali ija yopyapyala yokhoma pakhoma, ya 400W. Wogulitsa anandinyengerera kuti sidya magetsi, ndipo sananame, koma sanandifunse kuti chipinda changa n'chachikulu bwanji. Tinkaiyatsa usiku wonse, kutentha kumangothera pakhoma pomwepo, ife tikugona ndi zipewa. Ndinaipsera mtima pachabe. Mahita amenewo amapangira tizipinda tating'ono totsekeka bwino, ndipo amafuna nthawi yaitali.

Amene ananditsegula maso ndi achimwene ena a ku Mangochi omwe amagwira ntchito zamagetsi. Anabwera ndi tepi, n'kuyeza: mamita 4 uku, 3.5 uku, kuchulukitsa n'kupeza masikweya mita 14. Akuti mwachidule sikweya mita imodzi imafuna pafupifupi 100W, ndiye changa chimafuna 1400W kapena kuposerapo pang'ono. Pakakhala popanda siling'i kapena mawindo aakulu, muwonjezere. Anandiuzanso chinthu chomwe sindinkachidziwa, chakuti hita iliyonse yamagetsi imapereka kutentha kofanana pa yuniti imodzi. Palibe yamatsenga. Yodya pang'ono imatenthetsanso pang'ono.

Ndinkafuna kungogula yaikulu ija ya 2500W kuti nkhani ithe, iwo anakana. Zipinda zathu zitatu zili pa breaker (switchi yodula magetsi katundu akachuluka) imodzi ya 20A, yomwe imanyamula pafupifupi 4600W basi. Hita ya 2500W, wina n'kuyatsa ketulo yake yomwe imaposa 2000W, magetsi thii, ndiye muzikagogoda kwa alandilodi pakati pa usiku. Aneba anga a chipinda chapakati zimenezi zimawachitikira sabata ndi sabata.

Choncho ndinatenga ya mafuta ya nthiti (zitsulo zondandana zotulutsa kutentha) zisanu ndi ziwiri, 1500W. Mukangoiyatsa musayembekezere kumva kanthu, imatenga ngati theka la ola kuti chipinda chisinthe. Ine ndimaiyatsa tikamayamba kuphika, pofika nthawi yosambitsa mwana m'kati muli bwino. Ikafika pomwe mwaitchera thermostat (kachipangizo koyeza kutentha) imalira kuti "tiki" n'kudzizimitsa, koma nthiti zimakhalabe zotentha. Siichita phokoso ngati ya fani, ndipo palibe waya wofiira woonekera. Komabe chitsulocho chimatentha ndithu, mwana wokwawa musamusiye nayo yekha.

Za mayunitsi: ikamayaka mphamvu zonse imadya yuniti imodzi ndi theka pa ola. Ndinkalemba mita madzulo ndi m'mawa kwa sabata, ndinapeza kuti timatha mayunitsi 6 kapena 7 usiku umodzi. Nditatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo lakale, ndi kuyala kapeti pa matailosi, zinatsika kufika 5. Thaulo limenelo linandipulumutsira ndalama kuposa mawu onse a wogulitsa uja.

Zodandaula zilipo. Chingwe n'chachifupi kwambiri, ndipo achimwene aja anandiletsa kuilumikiza pa ekisitenshoni yotchipa chifukwa imatentha n'kusungunuka, moti ndinasuntha bedi kuti hita ifike pa soketi ya pakhoma. Timateyala take n'tofooka, kamodzi kanaguluka sabata yachiwiri. Masiku oyamba inkanunkha ngati penti. Ndipo nkhondo yanga ya tsiku ndi tsiku ndi mayi a kunyumba omwe amafuna kuyanikapo zovala za mwana, pomwe pamwamba pake analemba poyera kuti osaphimba.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ya pabalaza lalikulu singakwane, musayese. Ya 400W ija ndinagulitsa kwa mlongo wina yemwe kachipinda kake kamangolowa bedi ndi katebulo, ndipo akuti kwa iye ikukwanira.