CourtListener: komwe mungawerenge mwaulere milandu ya chipukuta misozi yokhudza kuchotsa pakati ku America

CourtListener ndi tsamba la pa intaneti losungira zigamulo ndi zikalata za makhoti a ku America, ndipo amaliyendetsa ndi a Free Law Project, bungwe losachita malonda. Ndikulilimbikitsa kwa maloya, ophunzira zamalamulo ndi atolankhani amene akufuna kumvetsa momwe malamulo a chipukuta misozi cha imfa asandukira chida cholimbanirana pa nkhani yochotsa pakati, makamaka kuyambira pa 24 June 2022, pamene Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa Dobbs ndi kupereka mphamvu kwa chigawo chilichonse kuti chidzipangire lamulo lake.

Tsambali ndi lamphamvu kwambiri pa zigamulo za makhoti akuluakulu, ndipo kufufuza sikufuna kulembetsa kapena kulipira. Chitsanzo chabwino ndi chigamulo cha Khoti Lalikulu la Alabama cha pa 16 February 2024, chokhudza chipatala chothandiza osabereka cha Center for Reproductive Medicine ku Mobile, kumene mu 2020 wodwala wina analowa m'chipinda chosungiramo miluza yowumitsidwa n'kugwetsa ina. Mabanja atatu anasuma. Khoti linanena kuti lamulo la chigawocho la 1872, lolola makolo kufuna chipukuta misozi mwana akafa chifukwa cha kulakwa kwa wina, limakhudzanso miluza imene sinaikidwe m'chiberekero. Anthu ambiri anangomva mawu a mkulu wa oweruza wa panthawiyo, Tom Parker, amene anadalira kwambiri malemba opatulika, koma munthu akawerenga chigamulo chonse amaona kuti mawuwo anali ongowonjezera, ndipo amene analembera oweruza ambiri ndi Jay Mitchell, yemwe anatsamira pa tanthauzo la mawu a lamulolo komanso pa zigamulo zakale za khoti lomwelo. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa makhoti ang'onoang'ono amatsatira maganizo a oweruza ambiri. Zipatala zina zitaimitsa chithandizo chothandiza osabereka, bwanamkubwa Kay Ivey anasayina lamulo loziteteza pa 6 March chaka chomwecho.

Gawo lachiwiri limatchedwa RECAP. Zikalata za makhoti a boma lalikulu la America zimagulitsidwa pa tsamba la boma lotchedwa PACER pa mtengo wa masenti 10 pa peji, osapitirira madola 3 pa chikalata chimodzi. Amene anaika pulogalamu ya RECAP pa kompyuta yawo akagula chikalata, icho chimatumizidwa ku CourtListener kuti ena adzawerenge mwaulere. Nzeru imeneyi ndi yotamandika, ndipo kwa munthu wokhala kunja kwa America, amene kulipira ndi khadi m'madola kumamuvuta, ndiyo njira yapafupi yoonera mlandu ukuyenda. Umu ndi momwe mungatsatire mlandu umene loya Jonathan Mitchell anakasuma mu July 2025 ku khoti la boma lalikulu ku Galveston, m'malo mwa bambo wina amene akuti dokotala wa ku California anatumiza ku Texas mankhwala ochotsera pakati pa bwenzi la bamboyo. Mungathenso kupempha kuti azikudziwitsani pa imelo chikalata chatsopano chikalowa. Komabe, chikalata chimene palibe amene anachigula chimangooneka mutu wake wokha, choncho nthawi zina ulusi wa mlandu umaduka pakati.

Kufooka kwenikweni kuli pa makhoti oyambirira a m'zigawo, amene zikalata zawo sizili mu PACER, chikhalirecho milandu yambiri ya chipukuta misozi imayambira kumeneko. Mu March 2023 bambo wina wa ku Texas, mothandizidwa ndi loya Jonathan Mitchell yemweyo, anasumira amayi atatu ku khoti la Galveston County, akufuna ndalama zoposa madola miliyoni imodzi, ponena kuti anathandiza amene anali mkazi wake kupeza mankhwala ochotsera pakati. Mlanduwo unachotsedwa mu October 2024 usanazengedwe, kotero palibe chigamulo cha pa mfundo yeniyeniyo chimene mungachipeze. Tsambali silisunganso malamulo enieniwo, ndipo muyenera kupita kwina kuti muwerenge kuti Texas mu 2003 inasintha lamulo lake kuti mwana wosabadwa aziwerengedwa ngati munthu kuyambira pamene pakati pakhala, koma inaletsa kusumira mayi woyembekezerayo. N'chifukwa chake amene amasumiridwa ndi anzake, madokotala ndi otumiza mankhwala, ndipo wosadziwa lamulolo angadabwe poona kuti mayiyo sali pakati pa osumiridwa ngakhale kuti moyo wake ndi umene ukuvundukulidwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti tsambali limaika dandaulo la wosuma ndi chigamulo cha woweruza pamndandanda umodzi, popanda kumasulira chilichonse. Dandaulo ndi mawu a mbali imodzi, olembedwa ndi loya wofuna kupambana, ndipo m'milandu iyi mumakhala mayina, mauthenga a pafoni ndi zinsinsi za anthu amene sanapezeke olakwa. Wowerenga amene sanazolowere angatenge zonenezazo ngati zoona n'kuzifalitsa pa Facebook. A Free Law Project amalandira zopempha zoti tsamba lina libisidwe kwa Google, koma izi sizibweza zimene anthu akopera kale.

Amene anazolowera MalawiLII, tsamba losungira zigamulo za makhoti a ku Malawi, sadzavutika ndi kafufuzidwe ka pa CourtListener, ngakhale kuti zonse zili m'Chingerezi cha maloya ndipo mapepala aatali amawerengeka bwino pa kompyuta kusiyana ndi pa foni. Ndikulangiza kuyamba ndi chigamulo cha ku Alabama, kuphatikizapo maganizo a oweruza amene anatsutsa, musanatsegule madandaulo a ku Texas.