Miyezi 9 ndikupeta zithunzi za Hubble

Mu Okutobala 2023 ndinalemba mwachimwemwe kuti ndapeza nkhokwe ya pa intaneti ya MAST, komwe munthu aliyense amatha kutsitsa zomwe Hubble, telesikopu yozungulira dziko mumlengalenga, yajambula, osalipira ngakhale tambala. Ndinalemba nditangoigwiritsa ntchito masabata awiri, ndipo zazikulu zomwe ndinanena zinali ziwiri: ndi yaulere, komanso zithunzi zake n'zokongola. Aphunzitsi anzanga angapo afunsa ngati ndikupitirizabe ndi ana a kalabu ya sayansi, komanso ngati ndingawalimbikitse kuti nawo ayambe. Tsopano patha miyezi 9. Yankho langa ndi eya, koma chifukwa chake chasintha.

Kwa omwe sanawerenge zoyambazo: MAST imasungidwa ndi bungwe la Space Telescope Science Institute mumzinda wa Baltimore ku America, lomwe limakonzanso ndandanda ya zomwe Hubble ayang'ane sabata iliyonse. Katswiri yemwe anapempha kuti chinthu china chijambulidwe amapatsidwa miyezi ingapo yoti afufuze yekha, kenako zithunzizo zimatsegulidwa kwa aliyense. Simupeza zithunzi zonga za pafoni ayi. Mupeza mafailo a FITS, ofunika pulogalamu yake, ndipo ife timagwiritsa ntchito SAOImage DS9 powatsegula ndi GIMP poika mitundu. Onse awiri ndi aulere, ndipo amayenda bwino pa laputopu yanga yakale.

Ndiyambe ndi zomwe zimapweteka m'thumba. Failo imodzi ya WFC3, imodzi mwa makamera a Hubble, imatha kuposa mamegabaiti 100, ndipo kuti mupange chithunzi chimodzi cha mitundu mumafuna mafailo atatu kapena kuposerapo. Mwezi woyamba ndinawononga ndalama zambiri chifukwa ndinkangosankha zonse n'kudina. Masiku ano ndimayamba ndaonera kachithunzi kakang'ono komwe tsambalo limaonetsa, n'kulemba m'kope mayina a mafailo omwe ndikufuna, kenako ndimatsitsa ndi bandulo ya usiku. Magetsi akazima pakati, ndimayambiranso mawa. Zomwe ndatsitsa ndimaika pafulashi, ndipo m'kalasi sitifunanso intaneti. Fulashi imodziyo yayenda kale m'manja mwa aphunzitsi atatu a sukulu zoyandikana nafe.

Tinayamba ndi mizati itatu ya fumbi ya mu Eagle Nebula (mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi mumlengalenga), yomwe Hubble anaijambula koyamba mu 1995 n'kubwerezanso ndi WFC3 mu 2014. Apa ndi pomwe ana anadabwa koyamba, poona kuti chithunzi chilichonse n'chakuda ndi choyera basi. Kamera imajambula kudzera m'sefa imodzi pa nthawi: F673N imalola kuwala kwa salufa, F657N kwa haidrojeni, F502N kwa okosijeni. Munthu ndi amene amasankha kuti choyambacho chikhale chofiira, chachiwiri chobiriwira, chachitatu chabuluu. Mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa kuti, "Ndiye kuti amatinamiza, aphunzitsi?" Ndinamupatsa mafailo atatuwo kuti asinthanitse mitundu mmene akufunira. Mizati inasintha maonekedwe koma malo omwe pali mpweya uliwonse sanasunthe, ndipo anaona yekha kuti mtunduwo ndi njira yolozera pomwe pali chiyani. Phunziro limenelo linakhala m'mutu mwake kuposa zomwe ndikanalemba pabolodi.

Koma chomwe chandisintha ine ndi china. Miyezi itatu yoyamba ndinkangotsitsa mafailo omwe dzina lake limathera ndi drc. Awa ndi okonzakonza, ngati ufa woti wapetedwa kale, wasefedwa, wangotsala kuthira m'poto. Tsiku lina mu Januwale ndinatsitsa failo ya flt, yomwe ndi chithunzi chimodzi chisanaphatikizidwe ndi zinzake. Nditatsegula ndinaganiza kuti yawonongeka potsitsa. Ponseponse panali timadontho towala ndi timizere tating'ono ngati mpunga womwazika pansi, pakati panadutsa mpata wopanda kanthu, ndipo nyenyezi zina zinali ndi timichira. Sinawonongeke ayi. Umo ndi mmene diso la Hubble limaonera zinthu anthu asanazipete.

Timizere tija ndi tinthu tothamanga kwambiri ta mumlengalenga tomwe timaboola kamera pa nthawi yomwe ikujambula. Kuno pansi mpweya umatiphimba, koma Hubble ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 500, kunja kwa bulangete limeneli. N'chifukwa chake sajambula kamodzi. Amajambula kangapo, akusuntha pang'ono pokha, ndipo kadontho komwe kaoneka m'chithunzi chimodzi koma osaoneka m'zinazo kamachotsedwa. Kusunthako kumathandizanso kudzaza mpata wa pakati uja, womwe ulipo chifukwa mbali ya WFC3 yoona kuwala wamba ili ndi timatabwa tiwiri tojambulira toyalidwa moyandikana. Palinso dera lina pamwamba pa nyanja ya Atlantic chakummwera, pakati pa South America ndi Africa, pomwe tinthu timeneti timachuluka kwambiri. Telesikopu ikamadutsa pamenepo kujambula kumaima kaye.

Nkhani ya timichira ndiyo inandigwira mtima kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono. Kamera ikamaliza kujambula, mphamvu yomwe yasonkhana m'kadontho kalikonse imapatsiridwa kuchoka mzere wina kupita mzere wina mpaka kukafika kumapeto komwe imawerengedwa. Ganizirani anthu ataima pamzere akupatsirana ndowa za madzi kuchoka pachitsime kupita pomwe akuumba njerwa. Kamera ili yatsopano, ndowa imafika yodzaza. Koma zaka zikamapita, tinthu toboola tija timasiya timabala m'kamera, ndipo pa bala lililonse madzi pang'ono amatsalira n'kudzatayikira m'ndowa yotsatira. Nyenyezi yowala kwambiri siidandaula, koma yofooka yomwe ili kutali ndi powerengera imafika itaphwa, ikukoka mchira. Palibe amene angakwere kukasintha kamera. Ndiye akatswiri amayeza kuchuluka kwa kutayikaku chaka ndi chaka, n'kupanga pulogalamu yobwezera mphamvuyo pomwe inachoka. Mafailo a flc ndi drc ndi omwe adutsa m'pulogalamu imeneyi. Kuyambira 2012 anayambanso kuwalitsa kanyali kakang'ono mkati mwa kamera kuti timabala tija tikhale todzaza kale, ngati kunyowetsa ndowa yadothi musanatungiremo.

Ndipo pafupifupi mwezi uliwonse kamerayi, yomwe imagwira ntchito itazizira madigiri oposa 80 pansi pa ziro, amaisiya kuti ifunde mpaka kufika pafupifupi madigiri 20. Kufundako kumachiritsa ena mwa madontho omwe anayamba kuwala okha popanda kuwala kulikonse kulowamo. Tsiku ndi tsiku amajambulanso chitseko cha kamera chili chotseka, kujambula mdima weniweni, kuti adziwe madontho odwala n'kuwachotsera pa zithunzi za sayansi. Zithunzi za mdimazi zilinso m'nkhokwe momwemo. Ndatsitsa zingapo, ndipo ndikunena zoona kuti ndimazilemekeza kuposa zokongola zija. Munthu amene amayang'anira zimenezi dzina lake silituluka m'nyuzipepala, koma popanda iye nambala iliyonse yomwe katswiri wa milalang'amba amalemba ikanakhala yokayikitsa.

Ntchito yabwino koposa yomwe tachita ndi ana inachokera apa. Gulu la nyenyezi la Omega Centauri, lomwe lili pamtunda woti kuwala kumayenda zaka pafupifupi 17,000, Hubble amalijambula mobwerezabwereza pofuna kuyeza ngati kamera idakali bwino. Tinatsitsa chithunzi cha zaka zoyambirira WFC3 itangoikidwa ndi china cha zaka zaposachedwa, zonse ziwiri za flt, n'kuziika pambali. Ana anawerenga okha madontho owala m'kabokosi kofanana, n'kuona kuti chatsopanocho chili ndi zipsera zambiri. Usiku wina wa mu Meyi, kumwamba kutayera, ndinawatulutsa panja n'kuwalozera Omega Centauri yemweyo, kamtambo kofooka chapafupi ndi nyenyezi zinayi zopanga mtanda kummwera. Kuno kwathu amaoneka ndi maso, pomwe anthu ambiri a ku Ulaya samuona n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo panatenga mphindi zingapo kuti onse amupeze.

M'miyezi yomweyi ndaonanso Hubble akudwala. Telesikopu imadziwa komwe yaloza pogwiritsa ntchito magyro, timawilo tozungulira ngati nguli, maulendo 19,200 pa mphindi. Mu Meyi 2009 akatswiri a m'chombo cha Atlantis anaika atsopano 6. Pofika kumapeto kwa 2018 atatu anali atafa, ndipo vuto lodziwika la magyro amenewa ndi timawaya topyapyala ngati tsitsi tomwe timadyeka n'kuduka. Mwa atatu otsalawo, mmodzi anayamba kupereka manambala olakwika. Mu Novembala 2023 telesikopu inadziimitsa yokha kangapo, inayambiranso mu Disembala, inaimanso mu Epulo, kenako pa 24 Meyi 2024. Kumayambiriro kwa Juni a NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, analengeza kuti ayamba kuyendetsa Hubble ndi gyro mmodzi, wina wabwinoyo n'kumusunga kuti adzathandize mtsogolo. Zida zina zoona dzuwa, nyenyezi ndi mphamvu ya maginito ya dziko ndi zomwe zikudzaza pomwe papereweredwa. Mtengo wake ulipo: kutembenuka kupita pa chinthu china kumatenga nthawi yaitali, ntchito ya pa sabata yachepa, ndipo sangathenso kulondola zinthu zoyenda zomwe zili pafupi kuposa Mars. Pakati pa Juni anayambiranso kujambula.

Masabata amenewo ana ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati wadzuka. Mnyamata wina anati, "Bwanji osangotumiza amakaniko, aphunzitsi?" Funsolo n'lanzeru, chifukwa Hubble anapangidwa kuti azikonzedwa ali kumwamba komweko. Atamuponya pa 24 Epulo 1990, kunapezeka kuti galasi lake lalikulu la mamita 2.4 linasemedwa molakwika pang'ono kwambiri m'mphepete, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, moti zithunzi zinkatuluka zosaoneka bwino. Mu Disembala 1993 anthu anakwera kukamuveka magalasi owongolera. Anapitanso mu 1997, 1999, 2002 ndi 2009. Ulendo womalizawo ndi womwe anaika WFC3, n'kutsegula ndi kukonza zida zina za sayansi za STIS ndi ACS zomwe zinali zitafa, kumasula tizomangira tambirimbiri atavala magolovesi okhuthala. Zombo zomwe zinkawanyamula zinapuma ntchito mu 2011. Kuyambira pamenepo sevisi yonse imachitikira pansi, kudzera m'malamulo otumizidwa kuchokera ku Goddard Space Flight Center ku Maryland. Mu Juni 2021 kompyuta yoyang'anira zida za sayansi itaima, anatha mwezi wathunthu akufufuza, n'kusamukira ku zida zapadera zomwe zinali zitangokhala chiyembekezere. Aliyense amene anasungapo chigayo chakale kapena njinga yamoto ya zaka zambiri akudziwa mtima wofunika pa ntchito yotere.

Kodi zomwe ndinalemba poyamba ndikuzibweza? Zina. Ndinanena kuti mwana aliyense atha kuyamba yekha, ndipo izi si zoona. Mayina a mafailo ndi a masefa ndi chinenero pachokha, mabuku ofotokoza zida analembera akatswiri, ndipo mphunzitsi ayenera kudzipatsa mwezi umodzi yekha asanaitane ana. Ndinanenanso kuti laputopu iliyonse ikwanira. Potsegula ndi kuika mitundu imakwaniradi, koma pophatikiza zithunzi zambiri nokha yanga imatentha n'kuchedwa kwambiri, ndiye ntchito imeneyo ndinaisiya. Zithunzi za telesikopu ya James Webb zilinso m'nkhokwe yomweyi ndipo ndazilawa, koma pophunzitsa ndimabwerera kwa Hubble, chifukwa zaka zoposa 34 za zithunzi zimalola mwana kuona chida chikukalamba ndi anthu akuchisamala.

Ngati mukufuna kuyamba, malangizo anga ndi awa. Sankhani chinthu chimodzi, musabalalike. Tsitsani drc yake kuti muone kukongola, ndipo tsiku lomwelo tsitsaninso flt imodzi ya chinthu chomwecho, muziike pambali. Musadikire miyezi itatu ngati ine. Mafunso omwe ana adzafunse poona kusiyana kwa ziwirizo akukwanirani teremu yonse.

Chomaliza chomwe sindinkadziwa mu Okutobala n'chakuti Hubble amaoneka ndi maso kuno kwathu. Njira yake imapendekera madigiri 28.5 kuchoka pa ikweta, ndiye amadutsa pamwamba pa Malawi, ndipo amazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 95. Tsamba la Heavens-Above limapereka nthawi yake mukaika komwe muli. Madzulo ena kumapeto kwa Juni, kukuzizira, tinaima pabwalo la mpira ndi ana 11 dzuwa litangolowa. Kanyenyezi kosaphethira kanatulukira kumadzulo, n'kuyenda mosafulumira kulowera kummawa, kenako kanazimirira m'mthunzi wa dziko kasanafike m'mphepete. Mtsikana wa Fomu 3 uja anafunsa ngati pa nthawi imeneyo ankajambula milalang'amba kapena mdima wa chitseko chotseka. Tagwirizana kuti teremu ikubwerayi tidzafufuza m'nkhokwe zomwe zinajambulidwa tsiku limenelo ndi ola lomwelo.