Ntchito yopaka nkhope za azisudzo kuno ku Joni

Abale anga, ambiri mwakhala mukundifunsa ngati kupaka anthu zodzoladzola ndi ntchito yoti munthu n'kuidalira. Ena mumaiona ngati kukongoletsa mkwatibwi basi. Ndi ntchito ndithu, koma kukongoletsako ndi mbali yaing'ono chabe.

Kuno ku Johannesburg ntchito zambiri zimachokera ku masewero a pa wailesi ya kanema. Kampani ya kanema ya SABC ili ku Auckland Park, ya MultiChoice ku Randburg. Mafilimu akuluakulu akunja amakonda Cape Town, komwe Cape Town Film Studios inatsegulidwa mu 2010. Kulikonseko ife opaka timafika m'bandakucha, chifukwa kamera siyamba nkhope zisanakonzedwe, ndipo tsiku limatha maola 12.

Chimene chimavuta kwenikweni n'chakuti filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Lero mutha kujambula mapeto, chiyambi mudzajambule mwezi wamawa. Tiyerekeze kuti m'nkhanimo munthu wamenyedwa chibakera pansi pa diso. Tsiku loyamba malowo amakhala otupa ndi ofiirira, kenako amada, pomaliza amazimiririka pang'onopang'ono. Ine ndiyenera kudziwa kuti gawo limene tikujambula m'mawa uno ndi la tsiku lachingati chimenyedwereni, ndipo chotupacho chikhale diso lomwelo, kukula kwake komweko. Chikasuntha ngakhale pang'ono, oonera amazindikira msanga. N'chifukwa chake tikamaliza kupaka timajambula nkhope kutsogolo ndi m'mbali zonse, n'kulemba nambala ya gawo ndi mitundu imene tasakaniza. Amene amasunga bwino zithunzi zimenezi ndiye amaitanidwanso.

Khungu lakuda ngati lathu ndi limene ndimalikonda, ndipo zimandiwawa likapakidwa mosasamala. Ukalakwitsa mtundu wa faundeshoni kapena kuchulutsa phaudala yoyera, magetsi a mu situdiyo akawala munthu amaoneka mbuu ngati wasamba phulusa. Makamera a masiku ano a 4K sabisa kanthu, amaonetsa ndi timabowo ta thukuta tomwe. Choncho timapaka pang'ono, n'kumaima pafupi ndi sikirini, siponji ili m'manja. Oyang'anira kujambula akati tionenso komaliza, umathamanga kukapukuta thukuta pamphumi ndi pamphuno, n'kuchoka msanga asanayambe kujambula.

Zipsera, makwinya a ukalamba ndi mabala timapanga ndi silikoni kapena lateksi, zinthu zofewa ngati labala, n'kumata ndi guluu wapadera wa pakhungu. Guluuyo timayamba tamuyesa pamkono, poti ena amawatulutsa totupa. Maburashi amatsukidwa ndi sipiriti munthu aliyense akachoka pampando, ndipo lipisitiki timachita kupala pang'ono ndi kachitsulo, osati kupaka pamilomo mwachindunji. Matenda a maso a munthu mmodzi akhoza kuimitsa ntchito ya gulu lonse.

Kwa inu amene mukufuna kubwera, dziwani kuti ambiri timalembedwa pa kontilakiti, filimu ikatha umayambanso kufunafuna. Zipangizo umagula wekha, ndipo umayamba ngati wothandizira, kutsuka maburashi ndi kupaka anthu odutsa kumbuyo. Makampani amafuna chilolezo chogwirira ntchito, choncho konzani mapepala musananyamuke. Yambiranitu komweko kuphunzira kupanga mabala ndi ukalamba pankhope za anzanu, muzijambula ntchito iliyonse pamalo owala bwino. Amene amalemba ntchito amayamba kupempha zithunzi zimenezo.