Growatt SPF 5000 ES ndi batire la lithium: nyumba yowala magetsi atathima

Mukadutsa madzulo ku Area 49 kapena ku Area 25 mu Lilongwe, ku Machinjiri kapena ku Chirimba mu Blantyre magetsi atathima, mumaona mdima mzere wonse wa nyumba, kenako imodzi kapena ziwiri zikuwala popanda phokoso la jenereta. Kale munthu ankadziwika kuti zayamba kumuyendera ndi mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, dishi ya DStv ndi kagalimoto kochokera ku Japan. Lero pawonjezereka mapanelo a sola padenga ndi bokosi loyera lokhomedwa pakhoma la m'khonde. Mabanja ambiri opeza bwinoko anayamba kuliganizira bokosili mu 2022, namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino. Kutaya nyama ya mufiriji kawiri pamwezi ndi ana kuwerengera kandulo zinafika potopetsa.

Bokosili ndi inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire ndi a sola kukhala a m'nyumba. Inveta ya Growatt SPF 5000 ES, yopangidwa ku China, ndi imodzi mwa zomwe ogulitsa zida za sola amakonda kukupatsani mukangonena kuti mukufuna ya "5kVA". Kwa banja la nyumba ya zipinda zogona zitatu, makinawa ndi abwino ndipo amachita zomwe analembera. Chomwe chimagwetsa anthu mphwayi ndi zomwe zaizungulira. Ambiri amathira ndalama pa bokosi looneka ndi alendo, n'kuumira pa batire, mawaya ndi mmisiri.

Inveta imeneyi imatulutsa 230V ndipo imanyamula mpaka mawati 5,000 nthawi imodzi. Imagwira ndi batire la 48V. Imalandira magetsi kuchokera ku ESCOM, ku mapanelo ndi ku batire, n'kumasankha yokha malinga ndi mmene mwaitcherera. Magetsi akathima imasinthira ku batire mofulumira kwambiri moti TV, dikoda ndi rauta ya intaneti sizizima, mababu angophethira pang'ono kapena osaphethira n'komwe. Sibweza magetsi ku mawaya a ESCOM, choncho mita yanu ya mayunitsi siisokoneza. Masana dzuwa likakhala lokwanira imatha kugwira ngakhale popanda batire, koma musadalire zimenezi: kamtambo kakangodutsa magetsi a ESCOM palibe, zonse zizima.

Nambala ya 5,000 ija imanena za katundu amene inveta ingasenze pa nthawi imodzi. Sinena maola amene nyumba ikhale ikuwala. Maolawo ali m'batire, ndipo apa ndi pamene masamu ayenera kuchitika musanatulutse khobidi.

Batire la lithium lofala, la mtundu wa LiFePO4, limalembedwa 51.2V 100Ah. Mukachulukitsa manambala awiriwa mupeza 5.12 kWh, ndiwo mayunitsi asanu ndi pang'ono ofanana ndi omwe mumagula pa foni. Simugwiritsa onse. Mukasiya 20 peresenti kuti batire likhalitse, mwatsala ndi mayunitsi 4.1, ndipo posintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba inveta imatayako gawo limodzi mwa magawo khumi. Zenizeni ndi mayunitsi pafupifupi 3.7. Tsopano werengani za madzulo: firiji mawati 120 ikamalira, TV ya mainchesi 43 mawati 80, dikoda ndi rauta 30, mababu a LED asanu ndi atatu a mawati 9 ndi 72, laputopu 60, fani imodzi 50. Zonse pamodzi zikupitirira pang'ono 400. Inveta nayo imadya mawati makumi angapo pongokhala yoyaka. Mwapeza maola asanu ndi atatu, kapena kuposerapo anthu akagona n'kuzimitsa TV. Usiku wonse mudutsa bwinobwino.

Ikani hotipuleti ya mawati 2,000 kuti muphike nyemba, batire lomwelo silifika maola awiri. Giza ya mawati 3,000 ilimaliza pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ketulo ndi nkhani ina: imakoka mawati oposa 2,000 koma kwa mphindi zinayi zokha, ndiye siidya zambiri. Simbi yositira ndi bwino kuigwiritsa ntchito masana dzuwa lili pamutu. Pali vuto lina limene ogulitsa ambiri satchula. Kuti inveta itulutse mawati 5,000 imafunika kukoka 100A kapena kuposa kuchokera ku batire, pamene mabatire ambiri a 100Ah malire ake ndi 100A yomweyo, ndipo ena opanga amalangiza 50A yokha ngati kukokako n'kwa nthawi yaitali. Mukayatsa ketulo, maikulowevu ndi pampu ya madzi pamodzi, kachipangizo koteteza batire, BMS, kamadula ndipo nyumba yonse imagwa mumdima inveta ili yabwinobwino. Wofuna mphamvu zonse za inveta imeneyi agule mabatire awiri. Amene ali ndi limodzi asapyole mawati 2,500.

N'chifukwa chake nyumba yomwe yaikidwa bwino imakhala ndi DB, bokosi la maswichi logawa magetsi m'nyumba, yogawidwa pawiri. Mababu, masoketi a pabalaza ndi kuchipinda, firiji ndi mota ya geti zimapita ku inveta. Kuka, uvuni ndi giza zimatsala ku ESCOM kokha. Mmisiri amene akuti "tingolumikiza nyumba yonse, bwana, muzingosamala" akufuna kumaliza ntchito msanga. Tsiku lina mlendo kapena wantchito adzayatsa uvuni osadziwa kuti magetsi athima, chifukwa m'nyumba muli mowala. Kuphika kusiyireni gasi. Silinda ya makilogalamu 9 ndi chitofu cha mbale ziwiri ndi zotsika mtengo kwambiri kuposa batire lachiwiri, ndipo makala amatsala a pa kanyenya.

Ena amasankha mabatire a gel anayi a 12V 200Ah poona kuti mtengo wa lero ndi wotsikirapo. Pa pepala ndi mayunitsi 9.6, koma mabatire amenewa safuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye ogwiritsa ntchito ndi 4.8, pafupifupi chimodzimodzi ndi lithium limodzi. Akamatsitsidwa tsiku ndi tsiku, kuwonjezera kutentha kwa Okutobala, amafooka pakangotha zaka zochepa, ndipo limodzi likafa limakoka anzake atatu. Simungasinthe limodzi lokha. Pa LiFePO4 opanga ambiri amalemba maulendo 6,000 odzaza ndi kutsitsa. Ngakhale litakwanitsa theka la zimenezo, laposa gel kutali. Chenjezo n'lakuti pamsika pali mabatire olembedwa 100Ah koma m'kati muli zochepa. Batire lenileni la 5.12 kWh limalemera makilogalamu 40 mpaka 50. Ngati mnyamata wa m'shopu akulinyamula ndi dzanja limodzi, lisiyeni.

Pa mapanelo, inveta imeneyi ili ndi khalidwe lake. Imafuna kuti magetsi ochokera padenga akhale pakati pa 120V ndi 430V, ndipo akapitirira 450V imawonongeka. Panelo ya mawati 550 imatulutsa pafupifupi 41V ikamagwira ntchito ndi 50V ikakhala yosalumikizidwa. Mapanelo awiri sakwana n'komwe. Atatu amafika 123V, koma malata akatentha masana nambalayo imatsika ndipo inveta imasiya kutchaja pa nthawi yomwe dzuwa lili lambiri. Anthu ogula pang'onopang'ono, amene amayamba ndi mapanelo awiri kuti ena adzawonjezera bonasi ikatuluka, amakhumudwa apa. Yambani ndi anayi olumikizidwa mondondozana. Malire ndi asanu ndi atatu, chifukwa m'mawa wozizira wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu mphamvu ya panelo imakwera, ndipo asanu ndi anayi apyola 450V. Asanu ndi limodzi ndi okwanira nyumba zambiri: pa tsiku lowala bwino amapereka mayunitsi 12 kapena kuposerapo, okwana kudzaza batire ndi kuyendetsa za masana.

Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka pafupifupi madigiri 15, ndipo pakhale mpata wa mphepo pakati pa iwo ndi malata. Mthunzi wa nthambi ya mango kapena wa thanki la madzi ukagwera pa panelo imodzi umatsitsa mzere wonse, ndiye onani denga nthawi ya 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana musanasankhe malo. Fumbi la Ogasiti mpaka Novembala limadya mphamvu mooneka. Atsukeni ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mawa galasi lisanatenthe, kamodzi pa milungu iwiri. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, masiku a chiperoni mapanelo amapereka zochepa kwambiri, ndipo batire limadalira ESCOM kuti lidzaze.

Kutchera inveta ndi ntchito ya mphindi khumi yomwe imasiyanitsa nyumba ziwiri zokhala ndi zida zofanana. Pa nambala 01 ya pa galasi la inveta mumasankha komwe magetsi a m'nyumba azichokera. UTI imaika ESCOM patsogolo. SBU imayamba ndi dzuwa, kenako batire, ESCOM pomaliza. Imapulumutsa mayunitsi ambiri, koma magetsi akathima 8 koloko usiku angapeze batire lili kale theka. SUB imagwiritsa ntchito dzuwa, ESCOM n'kuwonjezera pomwe pachepa, batire n'kusungidwa lodzaza. Nyengo ya kuthimathima SUB ndiyo yoyenera, magetsi akakhazikika mungapite ku SBU. Pa nambala 05 mumasankha mtundu wa batire. Ngati lithium lanu lili ndi nthambo yolankhulirana ndi inveta, ikani LI kuti batire lizinena lokha mlingo wake. Amisiri ena amasiya pa AGM, mtundu wina wa batire, momwe inabwerera, ndiye batire limatchajidwa molakwika ndipo peresenti yomwe mukuona pa galasi ndi yabodza. Muuzeni akuonetseni nambala ziwirizi asanachoke.

Zofooka zake zilipo. Mafani ake amachita phokoso, makamaka ikamatchaja mwamphamvu, ndipo pakhoma loyandikana ndi chipinda chogona mudzaimva usiku. Siimangidwira panja: mvula, chinyezi ndi fumbi zimalowa. Malo abwino ndi galaja kapena stoo yodutsa mphepo, ndi mpata wa masentimita 50 pamwamba ndi pansi, 20 m'mbali. Nalimata ndi mphemvu zimakonda kufunda kwa m'katimo ndipo zimatha kuyambitsa shoti, choncho pamalopo pakhale paukhondo. Kuti muziona zonse pa foni kudzera pa pulogalamu ya ShinePhone pamafunika kachipangizo ka Wi-Fi kolumikiza pansi pake. Funsani ngati kali m'mtengo womwe mwauzidwa. Kwa munthu wa nyumba ya chipinda chimodzi amene akungofuna mababu, TV ndi kutchaja foni, inveta imeneyi ndi yaikulu mopitirira, ndipo zomwe imadya yokha usiku zikhoza kufanana ndi zomwe iye akugwiritsa ntchito. Ya 24V yaing'ono imukwanira. Okhala pa lendi akambirane kaye ndi eni nyumba, chifukwa kugawa DB ndi kuboola malata si zinthu zonyamula posamuka.

Kotesheni yabwino imatchula zinthu zing'onozing'ono zomwe sizioneka pa chithunzi. Mawaya a batire akhale a 35mm², aafupi, okhala ndi malagi (tizitsulo ta kumapeto kwa waya tomangira boti) ofinyidwa ndi chida chake, osati ophwanyidwa ndi hamala. Waya woonda kapena boti yosamangitsa imatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Pakati pa batire ndi inveta pakhale fyuzi kapena breaker ya DC ya 125A. Mawaya a mapanelo akhale a sola enieni a 4mm² kapena 6mm², opirira dzuwa, ndi swichi ya DC yodulira. Zoteteza ku mphenzi zikhale mbali zonse ziwiri, ya mapanelo ndi ya ESCOM, pamodzi ndi chitsulo cha earth chokhomedwa pansi. Ma inveta ambiri amafa nyengo ya mvula kapena pa mphindi yomwe magetsi abwerera ndi mphamvu yopyola. Pakhalenso swichi ya changeover, kuti inveta ikapita kokonzedwa nyumba ibwerere ku ESCOM osadula waya.

Mitengo ya zida zimenezi imatsatira dola ndi randi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zochokera kunja zinakwera, ndipo kotesheni ya mwezi watha lero singagwire. Funsani kuti ikhala masiku angati. Gwiritsani ntchito mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, ndipo walanti ya inveta ndi ya batire zilembedwe padera, ndi manambala a siriyo pa lisiti.

Musanalipire ndalama yomaliza, yesani zitatu iye ali pomwepo. Zimitsani main switch ya ESCOM TV ikuyaka, muone ngati izima. Nyumba ili pa batire choncho, dinani batani la TEST pa earth leakage, swichi ya mu DB yomwe imadula magetsi akathawira posayenera. Ikapanda kudula, munthu akhoza kugwidwa ndi magetsi popanda chomuteteza, ndiye akonze tsiku lomwelo. Kenako yatsani ketulo kwa mphindi zisanu, muzimitse, mukhudze pulasitiki ya mawaya a batire pafupi ndi malagi. Akhale ofunda pang'ono chabe. Ngati akuotcha chala, waya ndi woonda kapena boti sinamange.