Nyumba yokumbukira Hector Pieterson ku Soweto ndi yoyenera kuiyendera mosathamanga

Amalawi ambiri okhala ku Joni akapita ku Soweto amathera pa msewu wa Vilakazi, pomwe pali nyumba ya Mandela ndi malo odyera, chonsecho chapafupi pomwepo, ku Orlando West, kuli nyumba ya njerwa zofiira yosungiramo mbiri ya zionetsero za ana asukulu za pa 16 June 1976, yomwe inatsegulidwa mu 2002.

Chimene chimakoka alendo ndi chithunzi chimene anajambula Sam Nzima: Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector wa zaka 12 yemwe apolisi anali atamuombera, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali uku akulira. Komabe chimene ndikuyamikira kwambiri n'chakuti okonza nyumbayi sanalole kuti chithunzi chimodzicho chiphimbe nkhani yonse. Mlendo akamakwera pang'onopang'ono m'makonde otsetsereka a m'katimo, amayamba waona gwero la mkwiyo, ndiye lamulo la mu 1974 lokakamiza sukulu za anthu akuda kuphunzitsa masamu ndi maphunziro ena m'Chiafrikaans, chinenero chimene ngakhale aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino. Kenaka amaona kuti anawo sanangodzuka n'kukhamukira mumsewu ayi. Anakumana pa 13 June, anasankha atsogoleri monga Tsietsi Mashinini wa pa sukulu ya Morris Isaacson, nagwirizana zoguba mwamtendere kupita ku bwalo la zamasewero la Orlando atanyamula zikwangwani zolemba pamanja. Mawindo nawo anaikidwa mwaluso, moti ukasuzumira panja umaona malo enieni amene nkhaniyo ikutchula.

Apa m'pamene munthu amamvetsa ntchito ya zionetsero kwa anthu amene alibe voti. Pasanathe miyezi yambiri boma linabweza lamulolo, zionetsero zinafalikira m'madera ena, ndipo achinyamata ambiri anathawira kunja kukalowa m'magulu omenyera ufulu. Koma okonza nyumbayi sanabise kuti zionetserozo zinatayitsa miyoyo: pabwalo la m'kati pali timiyala tolembedwa maina a omwe anaphedwa, ndipo Makhubo amene uja anathawa m'dzikomo, mpaka lero abale ake sanamuonenso.

Zowerenga ndi mafilimu zilimo zochuluka, choncho amene wabwera ndi gulu la alendo othamangira nkhomaliro sangapindule kwenikweni. Wopita ndi ana aang'ono akonzekere kuwafotokozera, pakuti zithunzi zina n'zomvetsa chisoni kwambiri.